Chaka chimene ndinadzaza nyanja ndi buluu wochapira

Ana anga, ndi inu adzukulu, cholembera sindinachigwirepo ine. Woyankhula pano ndine Asiyatu Abiti Rajabu, koma dzanja ndi la Mariamu, ndipo ndamuuza kuti asamakonze mawu anga ngati akuchonga ana a sukulu. Zaka zimene muzione pamitupo waikapo ndi iyeyo. Ine ndimangoti chinali chaka chimene kunachitika chakutichakuti, iye n'kukafufuza. Za ubwana wanga ku Chiuta tizisiye, n'zimodzimodzi ndi za mwana aliyense wa msodzi. Tiyambire pamene ndinayamba ntchito.

Ulongwe, 1968

Banja langa loyamba litatha, amayi anga Abiti Chande anati, "Ana awiriwa asiye kuno, iwe pita ukaone ngati manja akowo angakudyetse." Nthawi imeneyo Che Bwanali, amene kale ankabwera kudoko kwathu pa njinga kudzagula mlamba wowamba, anali atamanga resiti hausi m'mbali mwa msewu pa Ulongwe, ndipo ankafuna munthu wochapa. Anali bambo wamfupi, wosaumira chakudya, koma wamantha ndi boma moti galimoto ya boma ikangoima panja, ngakhale woyendetsayo akungofuna madzi akumwa, iwo ankavula kofia n'kuivalanso kangapo. Sanandifunse zambiri. Anandipatsa mashiti awiri amene anagonapo munthu wogulitsa mafuta a nyale, nati, "Akayera amenewa, ntchito wapeza."

Anayera. Koma buluu sindinkamudziwa. Kwathu nsalu tinkangochapa m'nyanja n'kuyanika pa udzu. Amayi ena achikulire amene ndinawapeza pantchitopo anandipatsa kachibulunga kamodzi osandiuza kanthu, ine n'kukasungunula konse m'beseni limodzi. Mashiti anatuluka ngati thambo la mwezi wa chisanu. Amayi aja anaseka mpaka kukhala pansi. "Mwana wa kunyanja iwe, wafuna kuti alendo azigona m'madzi?" Atatha kuseka anandiphunzitsa: buluu umamumanga pa kansanza, n'kumuviika m'madzi pang'ono chabe, ngati ukumubisa. Shiti imayera ndi buluu amene diso silimuona. Ndinagwira pamenepo zaka zitatu, ndipo ndinaphunziranso kusita ndi simbi ya makala osagwetsa phulusa.

Nkaya, 1971

Sitima itayamba kupita ku Nayuchi, Che Bwanali anatsegula nyumba yachiwiri pa Nkaya, n'kunditumiza kumeneko. Ndi chaka chimene ndalama zinasintha, anthu n'kumakangana pamsika kuti tambala ndi ndalama yeniyeni kapena iyayi. Ku Nkaya ndinavutika. Madzi a pachitsime anali amchere, sopo sankachita thovu, ndipo alendo athu ambiri anali anthu a njanji, ogona ndi girizi wawo yemwe. Sopo akasowa, ndipo ankasowa kawirikawiri, ndinkatcheza phulusa n'kunyika mashiti m'madzi akewo. Manja anga anasupuka chaka chimenecho, zipsera zake ndi izi.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi a Muhiwa. Anali Mlomwe wothawa nkhondo ku Mozambiki, wamtali, wosalankhulalankhula, woyenda ndi kathumba ka maburashi amene ena anawapanga yekha ndi ubweya wa mchira wa mbuzi. Ankalemba zikwangwani za magolosale, malipiro ake chakudya ndi pogona. Pa khoma lathu anajambula sitima. Anthu a njanji anabwera kudzawerenga mateyala ake nati achuluka, iye anangoti, "Yanga ndi yopita kutali." Che Bwanali anaona kuti anthu akuima pa sitimayo kenako n'kulowa kudzamwa tiyi, ndipo anazisunga mumtima.

Chiuta, 1973

Nyumba yachitatu anaimanga kwathu, padoko penipeni, kuti ogula nsomba ochokera ku Limbe ndi ku Balaka azigona pabwino m'malo mogona pansi pa malole. Atandiuza kuti ndikubwerera kwathu ndinalephera kudya ndi chimwemwe. Ana anga ndinawapeza atatalika, amayi atayamba imvi koma akadalowabe m'madzi.

Nyumbayo inali ndi khoma lalitali loyang'ana kunyanja, pansi pa khonde. Che Bwanali anaitanitsa a Muhiwa nati, "Apa undijambulire doko lonseli." A Muhiwa sanagwire burashi msanga. Ankangokhala pa bwato lakutha n'kumayang'ana, mpaka anthu anayamba kunena kuti mwina ndi kazitape. Kenako anayamba, ndi penti wotsala wa zitseko ndi mawindo, wakuda akumupanga ndi mwaye. Chilimwe chonse chinathera pamenepo.

Mukanaona, ana inu. Kumanzere kunali madzi, mabwato akutuluka m'mabango, munthu ataimirira kumbuyo akukankha ndi nsungwi, wina akuvuula mono muli mlamba. Kumanja kunali kumtunda: mathandala oyanikapo matemba, ng'anjo yowambira ikufuka, galu akununkhiza dengu, ndi msodzi wina, Che Duwa, atakhala pansi chifuwa chili pamtunda akusoka ukonde ndi chala cha kuphazi chitakola chingwe, monga ankachitira. Sanali anthu ongopeka. Aliyense pakhomapo tinkamudziwa dzina. Ndipo pakati penipeni, pamadzi osaya, panali amayi anayi akukokola matemba ndi nsalu awiriawiri, zovala zawo atazipindira m'ntchafu monga amachitira aliyense wolowa m'madzi. Wakutsogolo, atatembenuka kukalipira mnzake kuti akweze mbali yake, anali amayi anga.

Iwo eni atapita kukaona anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno.

"A Muhiwa, pakamwa panga mpotere?"

"Mukamakalipa mpotere, amayi."

"Nanga simukanadikira ndisiye kukalipa?"

"Ndinadikira chilimwe chonse."

Doko lonse linaseka, amayi n'kumuthamangitsa ndi chikho cha madzi. A shehe athu anang'ung'udza kuti kujambula anthu si kwabwino, koma nawonso ankadutsa cha pomwepo popita kumzikiti, njira yawo ili kwina.

Dzinja lotsatira amayi anadwala chifuwa, ndipo sanafike pokolola. Chithunzi cha kamera analibe, kwathu kunalibe amene anali nacho. Nkhondo ya kwawo itatha a Muhiwa nawo anawoloka, sitinamvenso za iwo. Chingwe changa choyanikira ndinachisamutsira pafupi ndi khonde lija, ndipo poyanika mashiti ndinkawauza amayi za ana, za mitengo ya zinthu, za amene wakwatiwa. Musaseke. Ankamva kapena sankamva, ine ndinkapepukidwa.

Chiuta, 1976

Tsopano apa mumvetsetse. M'zaka zimenezo kunali kutabwera lamulo lakuti mkazi asaonetse maondo pagulu. Anyamata a chipani a malaya ofiira ankatha kukubweza pamsika chifukwa cha diresi. Ndipo Che Duwa uja wosoka ukonde anali atasankhidwa kukhala tcheyamani wa chipani m'dera lathu, atagula jekete.

Kunabwera uthenga wakuti akuluakulu a kuboma afika Loweruka kudzaona asodzi, ndipo adzadyera kwathu. Lachinayi Che Duwa anabwera ndi anyamata ake kudzayendera: zimbudzi, miyala ya m'njira kuti ipakidwe laimu, nthochi zoti zizikidwe pachipata. Atafika pakhonde anaima. Khoma limeneli ankaliona tsiku ndi tsiku, koma tsiku limenelo analiona ndi maso a alendo.

"Che Bwanali, amayi awa avala bwanji?"

"Monga amavalira m'madzi, a tcheyamani."

"Lamulo linatchula za m'madzi? Alendo akadzaona ntchafu pakhoma, adzafunsa mwini nyumba ndani, tcheyamani ndani. Pofika mawa madzulo khoma lonseli likhale loyera."

Ine ndinali pomwepo ndi beseni. Che Duwa anandiona, natsitsa mawu. "Abiti Rajabu, usandiyang'ane choncho. Jeneza la maliro a mayi ako ndinanyamula nawo ine. Koma mnzanga wa dera lina anatengedwa pa nkhani yochepa kuposa iyi, mpaka lero ana ake akumudikira." Sankanama. Mantha ake anali enieni, ndipo tonse tinali nawo.

Che Bwanali anali ndi thumba limodzi la laimu, lomwe analipeza movutikira ku Balaka. Anauza mlonda kuti apake, mlonda anati dzanja lake silingafute nkhope ya mchimwene wake amene ali m'bwato. Anauza wotunga madzi, iye anati msana. Mapeto ake anabwera kwa ine, kofia ili m'manja.

"Iwe ndiwe wakale pantchito pano. Ukafuta iwe, amene mayi ako ali pomwepo, palibe adzanene kanthu."

"Bwana, mukundituma kukaika amayi kachiwiri."

"Ndikudziwa. Koma akandilanda laisensi, nyumba zonse zitatu zitsekedwa. Uwerenge anthu amene amadya pamenepa, ana ako omwe."

Lachisanu m'mawa ndinasungunula laimu. Ndinayamba ndi miyala ya m'njira. Ndinapaka mitengo, ndinapaka chimbudzi, ndinapaka ngakhale chitsa chimene palibe anandituma, kungoti ndichedwe. Dzuwa litafika pamutu amuna onse anapita kumzikiti ku mapemphero a Juma, Che Bwanali ndi Che Duwa omwe, doko linangoti zii. Tinatsala ine ndi Elube, wophika wathu, Mlomwe wa mpingo, mkazi wa pakamwa posatseka. Ndinanyamula ndowa kufika pakhonde. Ndinaviika burashi, ndinaikweza kufika pankhope ya amayi, laimu akuyenderera m'mkono mpaka m'khwapa. Dzanja linakana. Ndinati ndiyambire kwa galu. Nayenso galu ndinamumvera chisoni.

Ndinakhala pansi. Pambali panga panali beseni la mashiti a alendo a mawa, madzi ake a buluu. Ndinayang'ana beseni, ndinayang'ana madzi a pakhoma amene ankalekeza mu akakolo a amayi. Ndinalowa m'sitolo n'kutenga buluu yense wa mwezi umenewo, amene ndinkamusunga ngati mankhwala, n'kumukhuthulira mu ndowa ya laimu.

Elube anatuluka ndi mpeni wa anyezi m'manja. "Achemwali, mwapenga?"

"Ndikudzaza nyanja."

"Mutimangitsa inu."

"Bwerera kukhitchini, sunaone kanthu."

Sanabwerere. Anaima n'kumandiyang'ana ndikukweza madzi kuzungulira amayi anayi aja, kudutsa maondo, kudutsa ntchafu, mpaka m'chiuno mmene munali nsalu. Nditamaliza ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione. Zinali zoipa. Amayi anaoneka ngati aima m'mgolo.

"Inu mwana wa msodzi," anatero Elube, "munaona kuti madzi akukwera malo amodzi? Akakwera, akwere ponse."

Anataya mpeni, namasula chingwe changa choyanikira. Iye anagwira uku, ine ndinakhoma msomali uko, chingwe chinadutsa khoma lonse pa msinkhu wa chiuno cha amayi. Ndiye tinapaka zonse za pansi pa chingwe, iye ndi chisanza, ine ndi burashi. Kumanzere zinayenda bwino, mabwato anangokhala ngati alemedwa ndi nsomba. Koma kumanja, kumtunda kuja, madzi analowa m'mudzi. Mathandala anatsala nsonga. Ng'anjo inkafuka pakati pa nyanja. Galu anatsala mutu ndi mchira. Ndipo Che Duwa, amene anali chikhalire pansi, madzi anawafika m'khwapa, akusokabe ukonde wawo mosatekeseka. Elube anawayang'ana, nayamba kuseka kosatulutsa mawu, misozi ili mbwee. Ine sindinaseke. Ndowa inali itauma, ndipo laimu wina kunalibe kuno konse mpaka ku Balaka.

Amuna atatuluka mumzikiti anabwera gulu. Che Bwanali atangoona anagwira mzati wa khonde. Che Duwa anayenda kuchokera kumanzere, pang'onopang'ono, mpaka anadzipeza.

"Abiti Rajabu, ndinati chiyani ine?"

"Munati khoma liyere, a tcheyamani."

"Layera?"

"Iyayi. Dzanja linakana. Koma bondo lililonse labisika, yang'anani nokha. Ngati ndalakwa, ndalakwa ine. Bwana sanadziwe, Elube anali kukhitchini."

"Kukhitchini ndi manja a buluuwo?"

Elube anabisa manja kumbuyo. Msodzi wina wachikulire anati, "Komatu matemba sakokoledwa pa madzi a m'chiuno," wina n'kumuyankha kuti atseke pakamwa, nkhani pano si ya matemba. Che Duwa anafunsa ngati laimu watsala. Atamva kuti watha, ndipo lole yopita ku Balaka ibwera alendo atapita kale, anapukuta thukuta ndi mkono wa jekete. Ena anati tikhome mphasa pakhoma lonse, koma Che Duwa anati mlendo akaona mphasa amafuna kudziwa chimene chabisidwa. Pomaliza anandiloza. "Mawa udzaime pomwepa. Akadzafunsa, udzayankha ndiwe." Che Bwanali anadikira anthu apite, nati, "Zikavuta mawa, sindidzatha kukuteteza. Umange katundu wako akhale chimangire." Sananene mwaukali. Ndinamanga, ndipo ana ndinawatumiza kwa azakhali awo.

Loweruka alendo anafika mochedwa, fumbi lili thoo. Amayi a chipani anavina, asodzi anaonetsa maukonde, panali zolankhula zambiri. Ine chiimire pakhonde, nsalu ya chipani ndili nayo m'chiuno. Popita kukadya, wamkulu wa alendowo, bambo wa magalasi, anaima pakhoma. Anayang'ana mabwato. Anayang'ana amayi anga, koma anadutsa. Anafika kumanja n'kuwerama.

"Nanga bambo awa akusokera ukonde m'madzi bwanji?"

Ndinasendera kutsogolo kuti ndiyankhe. Ndiye ndinamva Che Duwa akukonza kukhosi.

"Ndine ameneyo, bwana."

"Inu a tcheyamani?"

"Eya, bwana. Kuno nyanja ikadzadza sitithawa. Ntchito imapitirira."

Bambo uja anawayang'ana, anayang'ana pakhoma, naseka kwambiri mpaka kuvula magalasi. Anatembenukira anzake nati anthu olimbika ndi amenewa, ndipo akapita madera ena akawauza za tcheyamani wa ku Chiuta. Atatero analowa kukadya chambo. Nkhani yonse inathera pomwepo. Ine ndinapita kuseri kwa chimbudzi n'kukasanza.

Madzulo ake Che Bwanali anandipeza ndikumasula katundu. Anaima pakhomo nati, "Mwezi uno mashiti achapidwa ndi chiyani?" Ndinati ndi madzi. Mwezi wonsewo alendo anagona pa mashiti achikasu, ndipo wina wa ku Limbe anadandaula.

Chiuta, 1977 mpaka 1994

Chimene sindinadziwe n'chakuti laimu sagwira bwino pa penti wa mafuta. Mvula ya mphepo ikalowa pakhonde, nyanja yanga inkayamba kusupuka, bondo la wina n'kusuzumira. Woyamba kuliona anali Che Duwa. Anabwera kuseri kochapira, nayang'ana uku ndi uku.

"Abiti Rajabu, nyanja ikuphwa."

"Buluu kulibe, a tcheyamani."

Mawa lake anatulutsa tizibulunga tiwiri m'thumba la jekete. Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yanga ya chaka ndi chaka, mvula ikangotha. Che Bwanali ankagula laimu, ogula nsomba a ku Limbe ankabweretsa buluu osawapempha, Elube ankagwira chingwe mpaka pamene anakwatiwa ku Nsamala, kenako ankagwira mwana wanga Patuma, mayi ake a Mariamu amene akulembayu. Che Duwa ankabwera kudzayang'anira kuti madzi asawapitirire m'khwapa. Chaka china nyanja yeniyeni inaphwa kwambiri, mabwato ali gone pamatope, anthu ankabwera kudzakhala pakhonde n'kumati, "Tiyeni tikaone madzi kwa Abiti Rajabu." Ana obadwa m'zaka zimenezo ankayesa kuti a Muhiwa anajambula choncho.

Che Bwanali anamwalira, Mulungu awachitire chifundo, nyumba anatenga mwana wawo. Ine msana unayamba kukana beseni. Kenako kunabwera mavoti aja a zipani zambiri, ndipo tinamva pa wailesi kuti lamulo la zovala latha. Chaka chimenecho mvula itatha, mwana wa Che Bwanali anandifunsa ngati agule laimu. Ndinati iyayi, musagule. Ndinali nditamuuza kale kuti ndikupuma pantchito.

Sindinakande khoma, ndinkaopa kuwononga. Ndinalisiyira mvula ya chaka chotsatira, ndipo inagwira ntchito yake pang'onopang'ono. Tsiku lina Patuma anabwera kunyumba nati, "Amayi, tiyeni mukaone." Tinapita ndi Mariamu, ali kamtsikana. Laimu yense anali atagwa, Patuma n'kutsuka zotsalira ndi chisanza chonyowa. Pamwamba pa pamene pankadutsa chingwe, dzuwa la zaka zonsezo linali litadya penti. Nkhope ya amayi inali itafuwa, yongooneka kwa munthu woidziwa. Koma pansi pake, pamene panali pobisika, zonse zinali ngati a Muhiwa achoka dzulo. Galu anali ndi miyendo yake inayi. Chala cha Che Duwa chinali chikokerebe chingwe, ndipo eni ake, atakalamba, jekete atasiya, anabwera ndi ndodo kudzachiona. Ndipo miyendo ya amayi inali pomwepo, yakuda bii, yonyezimira, akatumba ali gwa, timadontho ta madzi tili m'maondo.

Mariamu anayang'ana pakhoma, nayang'ana pansi, nakweza diresi yake pang'ono.

"Anganga, miyendo imeneyi ndi yanga."

Tinamuimika pambali pa khoma, ine ndi Patuma n'kubwerera m'mbuyo kuti tione bwino. Inali yake.